Kuchokera pa Chingodzi kukafika ku Lichinga: m'mwamba ndi pafupi, nanga n'chifukwa ninji sitifika msanga?

TETE — Amalume anga anatsika pa lole ya mbatata ku Matundo tsiku Lachiwiri dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu m'mutu. Anachokera ku Dómuè, m'boma la Angónia. M'thumba la m'kati mwa jekete munali ndalama za ng'ombe yamphongo imene anagulitsa dzulo lake mopupuluma, pa mtengo umene eni akewo sanakondwere nawo. Mwana wawo, msuweni wanga, amaphunzitsa sukulu ku Lichinga, m'chigawo cha Niassa. Uthenga unabwera pa lamya wakuti wagonekedwa m'chipatala ndipo madokotala akuti amuchita opaleshoni.

Asanamwe n'komwe madzi anandifunsa kuti: "Mphwanga, iwe umayenda ndi anthu a m'maofesi. Tandiuza. Ndege ikanyamuka pano, imatenga nthawi yotani kukafika ku Lichinga?"

Ndinayankha mosachedwa: "Ola silikwana, amalume."

Nkhope yawo inawala. Iwo anaona ngati mawa lomwelo nsima ya masana akadyera pambali pa bedi la mwana wawo. Ine sindinaname ayi. Koma yankho langa linali la theka, ndipo theka linalo tinakalipeza m'mawa mwake. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu, abale a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi ku Zóbuè, muli ndi ana amene ntchito inawaponya kutali: ena ndi aphunzitsi, ena apolisi, ena anamwino, ena asilikali. Tsiku lina lamya idzalira usiku, ndipo funso la amalume lidzakhala lanu.

Mtunda weni-weni

Tiyambe ndi mtunda. Bwalo la ndege la Tete lili pa Chingodzi, kutsidya kwa Zambezi, m'mbali mwa msewu wopita ku Moatize. Bwalo la Lichinga lili pafupi ndi mzinda womwewo, umene achikulire amaukumbukira ndi dzina la nthawi ya atsamunda la Vila Cabral. Kuchokera pa bwalo ili kukafika pa bwalo linalo, mutatsata mzere woongoka monga iulukira mbalame, pali makilomita pafupi-fupi 360.

Ndibwereze: makilomita 360.

Amene ali ndi mwana wa sukulu pakhomo angathe kudziyesera yekha. Tengani mapu a m'buku la sukulu, ndi kaulusi. Ikani nsonga imodzi pa Tete, inayo pa Lichinga, kenaka kayezeni kaulusiko pa kamzere ka makilomita kamene kamakhala pansi pa mapu. Palinso njira ina imene tinaphunzira ku sekondale. Mizere yopingasa ya pa mapu imatalikirana makilomita 111 pa digiri imodzi. Tete ali pa madigiri 16 kum'mwera kwa mzere wodula dziko pakati, Lichinga ali pa madigiri 13 ndi pang'ono. Ndiye kuti Lichinga ali kumpoto kwathu ndi makilomita ngati 315, ndiponso wapendekera kum'mawa ndi makilomita ngati 175. Munthu wodula njira ya chidule pakati pa ziwirizi ayenda 360 aja. Oyendetsa ndege sawerenga makilomita. Iwo ali ndi muyeso wawo, mailosi a panyanja, ndipo mailo imodzi ndi mamita 1,852. Kwa iwo ulendowu ndi mailosi osakwana 200. N'kaulendo kakang'ono.

Tsono taonani kumene kaulusi kaja kadutsa. Kakachoka pa Chingodzi kakwera mapiri a Moatize ndi Tsangano, n'kudutsa pafupi kwambiri ndi Ulónguè. Kuchokera apo kalowa m'Malawi, katsika phiri cha ku Golomoti, kawoloka nyanja cha ku Cape Maclear, kakatulukira tsidya la kum'mawa cha ku Makanjira, n'kulowanso m'Moçambique. Mbali ina ya ulendowu ndi ya m'mlengalenga mwa dziko la eni.

Nditawaonetsa amalume zimenezi anakhala chete kanthawi, kenaka anaseka, kuseka kwa munthu wopwetekedwa. Kuchokera ku Ulónguè kufika kuno ku Tete ndi makilomita pafupi-fupi 230 pa msewu. Iwo anayenda tsiku lathunthu pamwamba pa matumba, kulowera kum'mwera, kuti akakwere ndege imene ikanawadutsitsanso pamwamba pa khola lawo lomwe. Pamene anali pakhomo pawo anali kale pafupi ndi theka la ulendo wa ku Lichinga.

Dziko la Malawi linalowa pakati pa Tete ndi Niassa ngati mphero imene munthu akhomera m'chipika. Si ife tinakonza. Malirewa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano la m'chaka cha 1891, atakanganirana chigwa cha Shire ndi nyanja. Anthu a mbali zonse ziwiri amamvana chilankhulo, amakwatirana, amagulira msika umodzi ku Lizulu. Koma pa mapu pali mzere, ndipo mzerewo ndiwo umatalikitsa ulendo wa pansi.

Mphindi za m'mwamba

Nthawi imene ndege itenga imadalira mtundu wa ndegeyo. Tiwerenge zitatu zimene zakhala zikuoneka m'mabwalo athu.

Kandege kakang'ono ka injini imodzi, monga Cessna Caravan, kamanyamula anthu khumi ndi angapo ndipo kamathamanga makilomita ngati 300 pa ola. Gawani 360 ndi 300, mupeza ola limodzi ndi mphindi 12. Onjezani ponyamuka ndi potera, ndi ola limodzi ndi mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono.

Ndege ya zopukusa ziwiri yotchedwa Q400, yonyamula anthu oposa 70, imathamanga kupitirira makilomita 600 pa ola. Iyo ingafike m'mphindi ngati 45.

Ndege ya jeti, monga Boeing 737, imapyola makilomita 800 pa ola ikakhala pamwamba peni-peni. Wina anganene kuti ndiye ifika m'mphindi 27. Sizitero. Pa mtunda waufupi chotere jeti siipeza mpata woonetsa liwiro lake. Imati ikangotsiriza kukwera, nthawi yotsika yakwana. Ili ngati lole yaikulu pakati pa misika iwiri yoyandikana: dalaivala asanalowetse giya yomaliza, wafika kale pochepetsa liwiro. Choncho jeti nayo itenga mphindi ngati 40. Pakati pa iyo ndi Q400 kusiyana kwake n'kochepa, koma mafuta imamwa ambiri. N'chifukwa chake makampani sakonda kuika ndege zazikulu pa maulendo aafupi ngati anthu okwera ndi ochepa.

Mphepo nayo ili ndi mawu. Tiyerekeze kuti kandege kakang'ono kaja kakumana ndi mphepo yamakilomita 40 pa ola yochokera kutsogolo. Liwiro lake poyerekeza ndi nthaka litsika kufika pa 260, ndipo mphindi 72 zija zisanduka 83. Pobwerera, mphepo yomweyo ikukankha kumbuyo, liwiro lifika 340 ndipo ulendo utha m'mphindi 64. Msewu ndi womwewo, ndege ndi yomweyo, koma popita ndi pobwera zasiyana ndi mphindi pafupi-fupi 20. Asodzi a ku nyanja amene amadziwa mwera sangadabwe nazo.

Dziwaninso kuti nthawi yolembedwa pa tikiti imawerengedwa kuyambira pamene ndege yasuntha pa malo ake oimapo mpaka pamene yaima pa bwalo linalo. Imaphatikiza kuyenda pang'ono-pang'ono pansi ndi kudikira chilolezo. Ndiye imaoneka yotalikirapo kusiyana ndi nthawi ya m'mwamba. Za mawotchi musade nkhawa: Moçambique, Malawi ndi Zambia amayendera ola limodzi, palibe zobweza kapena kupititsa patsogolo.

Chinthu china chimene chinawasangalatsa amalume ndi ichi. Munthu wodutsa m'Malawi pa msewu afunika pasipoti ndi zidindo zinayi: potuluka kwathu, polowa kwa anzathu, potuluka kwa anzathu, polowanso kwathu. Wodutsa pamwamba pa Malawi yemweyo pa ndege yochokera mumzinda wa Moçambique kupita mumzinda wina wa Moçambique angoonetsa chitupa chake cha BI basi. Sikuti mlengalenga mulibe mwini. Pangano la ku Chicago la 1944 limati dziko lililonse ndi mwini wa thambo la pamwamba pake. Koma chilolezo amapempha ndi a kampani, ndipo woyendetsa ndege ndiye amalankhula pa wailesi ndi oyang'anira a ku Lilongwe. Inu mumangokhala pa mpando, kuyang'ana nyanja pa zenera.

Kutentha kwa Tete, chifunga cha Lichinga

Mabwalo awiriwa ndi osiyana ngati ng'anjo ndi mtsuko wa madzi. Chingodzi ali m'chigwa, mamita ngati 160 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo tonse tikudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapyola madigiri 40. Lichinga ali pa phiri, mamita ngati 1,370, kumalo a mitengo ya paini, kozizira monga kwathu ku Angónia.

Zimenezi zimakhudza ndege. Mpweya ukatentha umapepuka, ndipo mapiko sapeza pogwira pokwanira. Ndege imafunika kuthamanga mtunda wautali pansi isanadzuke, injini nazo sizikoka ndi mphamvu zonse. Pa phiri ndi chimodzi-modzi, chifukwa mpweya wa pamwamba ndi wopepuka kale. Ndiye mukaona woyendetsa kandege kakang'ono akuyeza munthu aliyense pa sikelo pamodzi ndi katundu wake, n'kunena kuti thumba la ufa litsale, musamuyese wankhanza. Akuwerenga kulemera kumene mapiko angathe kunyamula pa kutentha kwa ola limenelo. Ndi chifukwa chomwecho oyendetsa ndege zazing'ono amakonda kunyamuka m'mamawa kusanatenthe.

Mafuta nawo sathira ongokwanira makilomita 360. Lamulo la zouluka limati ndege inyamule mafuta ofikira kumene ikupita, ena ofikira bwalo lina ngati yalephera kutera, ndi enanso apadera. Lichinga akaphimbidwa ndi mitambo, bwalo lalikulu la Nampula lili makilomita ena pafupi-fupi 480. Mafuta onsewo ndi katundu, ndipo amalanda malo a katundu wanu.

Pa nkhani ya mitambo ndisachite nthabwala. Inu a m'malire mumamvera wailesi za ku Malawi, ndipo mukukumbukira tsiku la 10 Juni 2024. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu, ulendo wa mphindi 45 zokha. M'mapiri a Viphya munali mitambo ndi chifunga. Siinafike. Inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira, pamodzi ndi wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, Saulos Chilima. Ulendo umenewo unali waufupi kuposa wathuwu. Tsono akakuuzani pa bwalo kuti ndege ichedwa chifukwa kumene mukupita sikukuoneka, ine ndingati khalani pansi, gulani madzi, dikirani. Kudandaula n'kololedwa, koma amene waletsa ulendowo wakuchitirani zabwino.

Theka lachiwiri la yankho

Lachitatu m'mawa ndinawaperekeza amalume ku ofesi ina yogulitsa matikiti mumzinda muno. Mtsikana wa pa kauntala anatilandira mwaulemu. Anayang'ana pa kompyuta yake, natiuza kuti masiku amenewo panalibe ndege yochoka pa Chingodzi kulunjika ku Lichinga. Chimene chinalipo ndi kukwera ya ku Maputo Lachinayi, kugona komweko, n'kukwera ina Lachisanu yopita ku Lichinga.

Amalume ananditembenukira. "Mphwanga, Maputo ali mbali iti?"

Ndinaloza kum'mwera.

"Nanga Lichinga?"

Ndinaloza kumpoto.

Tiwerenge. Kuchokera ku Tete kufika ku Maputo m'mwamba ndi makilomita pafupi-fupi 1,100. Kuchokera ku Maputo kufika ku Lichinga ndi kupitirira 1,400. Pamodzi ndi makilomita oposa 2,500, kasanu ndi kawiri kuchulukitsa 360 aja. M'mwamba mokha mukhala maola ngati anayi. Onjezani kufika pa bwalo ola limodzi ndi theka kapena awiri ndege isananyamuke, kawiri konse. Onjezani usiku wa ku Maputo, mzinda umene amalume alibe m'bale, ndi ndalama ya pogona ndi ya galimoto yochokera ku bwalo. Ulendo wa mphindi 45 wasanduka wa masiku awiri. Mtengo wake sindiutchula chifukwa mitengo ya matikiti imasintha tsiku ndi tsiku, koma ndinaona dzanja la amalume likupita pa thumba la jekete, n'kukhala pomwepo.

Ndondomeko za ndege zimasintha kawiri-kawiri, ndipo mwezi wina mungapeze njira yodzera ku Nampula kapena ku Beira, kapenanso yolunjika. Choncho musanagulitse chiweto, tumani mwana amene ali mumzinda akafunse mafunso atatu: ndege ilipo tsiku liti, ikudzera kuti, ndipo ndikafika ola lanji, tsiku lanji. Funso lakuti "imatenga nthawi yotani" lokha lidzakusocheretsani, monga ine ndinawasocheretsera amalume.

N'chifukwa ninji zili chotere? Ndege imatsata okwera, ndipo okwera ndege m'dziko muno ambiri ndi a boma, a makampani ndi a mabungwe. Onsewa nkhani zawo zili ku Maputo. Kampani ya dziko lathu, LAM, imene inatenga dzinali mu 1980 kulowa m'malo mwa DETA ya mu 1936, maulendo ake ambiri amayambira ndi kuthera ku likulu. Zili ngati misewu ya m'munda wa munthu mmodzi: yonse imapita kunyumba kwa mwini, palibe wolumikiza ngodya ndi ngodya. Taonani zimene zinachitika malasha a ku Moatize atayamba kukumbidwa mwamphamvu ndi kampani ya Vale mu 2011. Pa Chingodzi panayamba kutera ndege zochokera ku Johannesburg, mtunda wa makilomita oposa 1,200, chifukwa panali mainjiniya ndi amalonda odzaza mipando. Ine kwanga ndimaona ngati chinthu chochititsa manyazi pang'ono kuti munthu wa ku Tete afike msanga ku Joni kusiyana ndi kwa anansi ake a ku Niassa. Koma ndikadzifunsa kuti ndi anthu angati pa sabata amene angalipire tikiti ya Tete–Lichinga, ndimasowa chonena.

Amalume anafunsanso za bwalo la ku Ulónguè. Inde, lilipo, monganso ku Songo kufupi ndi damu la Cahora Bassa. Koma la ku Ulónguè si malo amene munthu angalawirire m'mawa kukagula tikiti ngati pa siteji ya chapa. Kuti kandege kakutengeni pamenepo muyenera kukachita hayala konse, kulipira mipando yonse, kulipiranso ulendo wake wobwera kudzakutengani ndi wobwerera kwawo. Ng'ombe imodzi siingakwane.

Ndinamvetsa chimene amalume anafunsira. A msinkhu wawo anaona ndege zikutera m'maboma. Ine ndinabadwira ku Dedza, makolo atathawa nkhondo pamodzi ndi anthu a kwathu oposa miliyoni imodzi amene anakabisala m'Malawi, ndiye zimenezi ndimangomva kwa amayi. Akuti masiku amenewo msewu wa Zóbuè unkayendedwa pa koluna, magalimoto ali mndandanda, asilikali a ku Zimbabwe akuperekeza. M'maboma ambiri munthu sankafikamo pa msewu, ndipo chimanga, mankhwala ndi madokotala zinkabwera pa tindege ting'ono-ting'ono. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 kunabwera ndege ndi mahelikopita oyera a ONUMOZ, ndipo pa chisankho cha 1994 mabokosi a mavoti a kumadera ovuta kufikako ankanyamulidwa m'mwamba. Ndiye achikulire anatsala ndi chithunzi chakuti ndege imatera paliponse pamene pali vuto. Chimene sanaone ndi amene ankalipira. Ankalipira ndi mabungwe a chithandizo ndi United Nations. Misewu itatseguka, mabungwewo anapakira, ndipo mabwalo ambiri a m'maboma anamera udzu.

Njira za pansi

Tinabwerera kunyumba n'kuyalanso mapu pa mphasa.

Njira yosatuluka m'Moçambique, mutatsata misewu ikulu-ikulu, ndi yozungulira koopsa: Changara, Chimoio, Inchope, Gorongosa, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia umene unatsegulidwa mu 2009, Nicoadala, Mocuba, Gurué, Cuamba, Mandimba, kenaka Lichinga. Ndi makilomita oposa 1,500. Iyi tinaisiya osaikambirana n'komwe.

Njanji ilipo. Ya malasha, yamakilomita 912, imachoka ku Moatize, kudutsa m'Malawi, kukafika ku Nacala, ndipo nthambi ya Cuamba–Lichinga yamakilomita 262 inakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2016. Koma njanji ya ku Moatize anaimangira malasha, osati bambo wothamangira mwana wodwala.

Yotsala ndi ya m'Malawi. Kuchokera ku Tete: Moatize, Zóbuè, Mwanza, Zalewa, Balaka, Liwonde, Mangochi, kukwera phiri la Namwera, Chiponde, kulowa pa Mandimba, kenaka makilomita ngati 150 omaliza pa msewu umene unaikidwa phula m'zaka zapitazi. Yonse pamodzi ndi makilomita oposa 500. Galimoto ya munthu mwini, yolawirira ndi yosachedwa pa malire, ingathe kufika tsiku lomwelo. Wa chapa ndi maminibasi ayembekezere kugona panjira, chifukwa galimoto iliyonse imadikira kudzaza.

Ndipo kwa inu a ku Angónia ndi Tsangano, mvetserani bwino apa. Simufunika kutsikira ku Tete konse. Tulukirani pa Calómuè kulowa Dedza, tsikani phiri la Golomoti, lunjikani ku Mangochi, kenaka Chiponde ndi Mandimba. Kuchokera ku Ulónguè ndi makilomita ngati 400. Amalume akanakhala kuti anandiimbira lamya asanakwere lole ija, akanapulumutsa tsiku limodzi ndi theka. Chofunika ndi pasipoti yosatha masiku. Kudumpha malire kokagula mchere ku Lizulu ndi nkhani ina, kudutsa dziko lonse la eni mpaka tsidya linalo ndi nkhani inanso, ndipo m'njira muli zipata za apolisi. Mufunikanso makwacha a m'manja, chifukwa kondakitala wa ku Balaka salandira metikali.

Nyengo ya dzinja muziyamba mwafunsa za milatho. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo amene ankachokera kumtunda kubwera ku bwalo la ndege anazunzika. Ngakhale ulendo wa m'mwamba umayambira pansi, ndipo pansipo ndi pamene pamathera nthawi yambiri.

Mwayi wake amalume anali ndi pasipoti, yotsala pa ulendo wina wa zamalonda. Lachinayi ndinawaperekeza pa siteji nkhuku zisanalire kachiwiri. Anakwera chapa ya ku Zóbuè atakumbatira kachikwama, mkati muli nkhuku yowotcha imene akazi anga anawakonzera. Cha m'ma 10 koloko anaimba kuti adinditsa pa Mwanza. Kenaka lamya inakhala chete tsiku lonse, ine mtima uli m'mwamba. Usiku anaimba pa nambala ya ku Malawi, ya mnyamata wina amene anakhala naye mpando umodzi, kunena kuti afika pa Mangochi mdima utagwa, magalimoto okwera ku Namwera atatha, ndipo agona pa nyumba ya alendo pafupi ndi mlatho wa Shire. Anadandaula za udzudzu ndi za minibasi ina imene inaima pa Liwonde maola awiri kudikira anthu atatu.

Lachisanu anakwera phiri m'mamawa, anadinditsa pa Chiponde, nakwera njinga yamoto ya kabaza kudutsa kamtunda kamene kali pakati pa zipata ziwirizo. Pa Mandimba anapeza chapa itatsala ndi malo awiri. Anafika ku Lichinga cha m'ma 3 koloko masana, Lachisanu lomwelo limene ndege ya ku Maputo ikanawafikitsa. Opaleshoni inali itachitika kale Lachitatu. Anamupeza mwana wawo atatsamira pilo, akumwa phala.

Madzulo ake anandiimbira. Anati ndalama za ng'ombe zatsala zambiri, agulako mankhwala ndi bulangete chifukwa kumeneko kukuzizira ngati ku Dómuè mwezi wa Juni. Anati pobwerera sadzera ku Tete, atulukira pa Dedza. Ndipo anandituma kuti ndifunse kwa amene anagula ng'ombe ija ngati angalole kuwabwezera, iwo ataonjezapo pang'ono.